Malangizo kwa Amisiri Achinyamata pa Kasankhidwe ka Bulasi

Ana ndi adzukulu okondedwa amene asankha ntchito ya zitsulo, kaya ali m'masukulu a ntchito zamanja kapena akuphunzira pambali pa mmisiri wamkulu, tsiku lina adzapatsidwa kachipangizo kakang'ono ka bulasi kamene kayenera kudutsa m'ntchito ziwiri zosamvana. Yoyamba ndi kusema, kumene kuli kuchotsa chitsulo pang'onopang'ono ndi mpeni wa makina a lathe, ndi chiboolero kapena ndi tupa, mpaka chinthucho chitafika pa muyezo wofunika; yachiwiri ndi kuumba kozizira, kumene kuli kusintha maonekedwe a chitsulo osachiotcha komanso osachotsako kanthu, monga kuchipinda, kuchifinya, kufutukula mlomo wa kapaipi, kapena kukhoma mutu wa rivet kuti utambasuke n'kugwira mbale ziwiri pamodzi. Vuto lagona pakuti bulasi amene amasemeka bwino koposa ndi yemweyo amene amang'ambika msanga akapindidwa, pomwe amene amapindika mofatsa ndi yemweyo amene amazunza mmisiri pa lathe. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba, ndipo pa ntchito imeneyi poyamba pake ndi pa kusankha mtundu wa chitsulo, mpeni usanachikhudze n'komwe.

Bulasi ndi msakanizo wa mkuwa ndi zinki, ndipo khalidwe lake lonse limayambira pa kuchuluka kwa zinkiyo. Chitsulo chosungunuka chikamazizira chimaundana kukhala tinjere tating'onoting'ono togwirana, timene kawirikawiri sitioneka popanda galasi lokuzira zinthu, ndipo m'kati mwa kanjere kalikonse maatomu amakhala m'mizere yadongosolo. Zinki akakhala wosapitirira magawo pafupifupi 37 pa 100 aliwonse, yense amalowerera mumkuwa, ndipo tinjere tonse timakhala ta mtundu umodzi wotchedwa alpha, umene mizere yake ya maatomu imatererana mosavuta ikakanikizidwa, kotero kuti chitsulocho chimatamuka ndi kupindika chili chozizira osathyoka. Zinki akapitirira pamenepo, pakati pa tinjere ta alpha pamabadwa tinjere ta mtundu wachiwiri wotchedwa beta, timene ndi tolimba ndi tosagonja pozizira koma timafewa kwambiri tikapsa ndi moto. George Frederick Muntz wa ku Birmingham anapindula ndi khalidwe limeneli pamene mu 1832 analembetsa msakanizo wa magawo 60 a mkuwa ndi 40 a zinki, umene unkatheka kuupsinja uli wotentha kukhala mbale zokutira kunsi kwa zombo, pa mtengo wotsika kuposa wa mkuwa wokhawokha. Bulasi wa Muntz anali wabwino pa ntchito yakeyo, koma mwana amene angamutenge kuti amupinde kwambiri ali wozizira adzakhala atamupatsa ntchito imene sanapangidwire.

Chitsulo chachitatu chimene chimalowa m'nkhaniyi ndi mtovu, umene opanga amauthira dala pang'ono chabe, kuyambira theka la gawo limodzi mpaka magawo 3 kapena kupitirira pang'ono pa 100 aliwonse. Mtovu sulowerera m'bulasi monga amachitira zinki, koma umatsala uli timadontho tofewa tomwazikana pakati pa tinjere, ndipo mpeni ukamadula, chopalidwa chilichonse chimathyokera pa timadonthoto n'kugwa chili nyenyeswa zazifupi, uku mtovuwo ukutereretsa nsonga ya mpeni kuti isatenthe ndi kubuntha msanga. Amayi oumba mbiya amalidziwa khalidwe limeneli pa dothi lawo: dothi lonona la kumtapo limapindika mmene woumba afunira koma limakakamira pa chopalira, pomwe dothi lochuluka mchenga limapalika bwino koma limang'aluka akalikhotetsa. Timadontho ta mtovu timene timathyola nyenyeswa ndi tomweto timene timapereka poyambira mng'alu pamene chitsulo chikukokedwa kunja kwa mpindo, ndipo ndi pano pamene mwambi uja wakuti walira mvula walira matope umagwira ntchito, pakuti wofuna kusema kofewa walandira pamodzi ndi chitsulo chosapirira kupindidwa.

Pofuna kuyerekeza kasemekedwe ka mitundu yosiyanasiyana, akatswiri anakhazikitsa muyezo umene bulasi wotchedwa C36000 anapatsidwa nambala 100, ndipo ena onse amayezedwa poyerekeza ndi iyeyo. C36000 ali ndi magawo pafupifupi 61.5 a mkuwa, 35.5 a zinki ndi 3 a mtovu, ndipo ndi amene amadzaza makina opanga manati, tizilumikizo ta mapaipi ndi tizipangizo ta magetsi miyandamiyanda. Kutsidya lina la muyezowu kuli C26000, wa magawo 70 a mkuwa ndi 30 a zinki wopanda mtovu, amene anatchuka popangira makoko a zipolopolo chifukwa kambale kake kathyathyathya kamatheka kukankhidwa m'chikombole mobwerezabwereza mpaka kukhala kachubu kakatali kopanda msoko. Akafewetsedwa bwino amatamuka kupitirira theka la kutalika kwake asanaduke, koma pa muyezo wa kusema amapeza 30 yokha. Mkuwa wosasakaniza umapeza 20, ndipo bulasi wa Muntz amapeza 40.

Manambala amenewa amamveka bwino kwa munthu amene waima pa makina. C26000 akamasemedwa satulutsa nyenyeswa, koma kachingwe kakatali kopotana kamene kamakulunga chipangizo chikuzungulira, n'kukanda pamene pasemedwa kale, kukola mpeni, ndipo m'mbali mwake ndi mwakuthwa moti mwana amene angakakoke ndi dzanja makina akuyenda akhoza kutaya chala. Lamulo lake ndi kuimitsa makina ndi kukachotsa ndi kangowe ka waya, ndipo palibe changu cha ntchito chimene chingalungamitse kuswa lamuloli. Bulasi wa mtovu wambiri amachita zosiyana ndi zimenezi, pakuti amalira mopepuka pansi pa mpeni, nyenyeswa zake zimathetheka n'kugwera m'thireyi, ndipo nkhope yake imatuluka yosalala ndi yonyezimira, mwakuti mmisiri wachinyamata amayamba kudzitama mumtima. Tsoka limadza pa sitepe yotsiriza, pamene kachipangizo kabooledwa, kalowetsedwa m'bowo la mbale, ndipo panchi yayikidwa pa mlomo wake wopyapyala kuti ufutukuke: nyundo ikagwa kawiri kapena katatu, mlomowo m'malo mopindikira kunja mozungulira umang'ambika m'malo atatu kapena anayi, ming'alu ikutsika kuchokera m'mphepete, ndipo nkhope ya pong'ambikapo imaoneka yamchengamchenga. Ntchito ya tsiku lonse imathera pamenepo, ndipo wolakwa si nyundo kapena dzanja, koma chitsulo chimene chinasankhidwa poyang'ana lathe yokha.

Makolo anachenjeza kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo nzoona kuti palibe bulasi amene angapambane pa ntchito zonse ziwiri. Komabe opanga zitsulo anakonza mitundu ya pakati imene imataya pang'ono uku ndi pang'ono uko kuti ithe kupirira zonse. Wodziwika kwambiri pa gulu limeneli ndi C35300, amene ali ndi mkuwa wa pakati pa magawo 60 ndi 63 ndi mtovu wa pakati pa 1.5 ndi 2.5, ndipo amapeza 90 pa muyezo wa kusema. Mnzake wa ku Ulaya ndi CW606N, amene amisiri ozolowera manambala akale a ku Britain amamutcha CZ131. Kutsika kwa mtovu kuchoka pa 3 kufika pa 2 kumachotsa pang'ono chabe pa kasemekedwe, koma pamodzi ndi kuchepa kwa tinjere ta beta kumalola chitsulocho kukhomedwa mutu wa rivet, kupindidwa pang'ono, kudindidwa timizere togwirira zala, ndiponso kupsinjidwa mazinga, imene ili njira yopangira mazinga a bawuti pokanikiza chitsulo pakati pa zogudubuza m'malo mochidula. Ntchito ikafuna mpindo wakuya kuposa pamenepo, pali C34000 wa mkuwa pafupifupi magawo 65 ndi mtovu gawo limodzi, amene amapeza 70, ndiponso C33500 wa mtovu theka la gawo, amene amapeza 60. Apa pali chinthu chodabwitsa chimene mwana aliyense achisunge: theka la gawo limodzi la mtovu likukweza kasemekedwe kuchoka pa 30 kufika pa 60, pomwe gawo lotsiriza, lochoka pa 2 kufika pa 3, likuwonjezera 10 yokha. Phindu lalikulu la mtovu limabwera koyambirira, ndipo wotsalawo mmisiri amaulipira ndi ming'alu.

Tsono posankha pakati pa mitundu imeneyi, funso loyamba likhale lakuti ndi sitepe iti imene idzazunze chitsulo koposa, osati imene idzatenge nthawi yaitali. Kusema kovuta kumachedwetsa ntchito ndi kubunthitsa mipeni, koma chipangizo chimatulukabe. Kuumba kolephereka kumaononga chipangizo chimene chadya kale nthawi yonse ya kusema, ndipo mng'alu sungabwezedwe. Chifukwa chake mmisiri wanzeru amayamba wapeza bulasi wa mtovu wochepa mokwanira kupirira mpindo wake, kenaka pakati pa amene apirira amatenga wosemeka koposa. Kuchuluka kwa zipangizo kumalowanso m'chiweruzo: fakitale yopanga zikwi zambiri pa makina odziyendetsa okha singalole tizingwe tokola makina usiku wonse, ndipo idzalimbikira kupeza C35300 ngakhale asowe, pomwe mnyamata wopanga zipangizo khumi pa lathe ya m'galaja angathe kupirira C26000 kapena CZ108, wa magawo 63 a mkuwa ndi 37 a zinki, pongonola mpeni bwino ndi kudekha. Mtengo nawo usaiwalike, pakuti mkuwa ndi wokwera kuposa zinki, ndipo bulasi wa mkuwa wambiri amadya ndalama zambiri pa kilogalamu. Koma kusiyana kumeneku n'kochepa poyerekeza ndi chipangizo chobwezedwa ndi mwini wake chitang'ambika.

Dzina la msakanizo ndi theka chabe la zimene wogula ayenera kutchula, chifukwa bulasi yemweyo amagulitsidwa pa milingo yosiyanasiyana ya kuuma. Chitsulo chikakokedwa kapena kupsinjidwa chili chozizira chimauma ndi kulimba, koma mphamvu yake yotamuka imachepa, ndipo ndodo zambiri zosemera zimachoka ku fakitale zitakokedwa kale mpaka mlingo wotchedwa half hard, kutanthauza kuti gawo lina la kupirira kwake linadyedwa kale mmisiri asanazigule. Ndodo youma chotere imasemeka bwino kuposa yofewa, popeza yofewa imakonda kumata pa mpeni ndi kusiya tizingwe m'mphepete, koma yofewayo ndiyo imapindika kutali. Kuuma kumeneku kumachotsedwa ndi moto: bulasi akatenthedwa pakati pa madigiri 425 ndi 600, kapena kupitirira pang'ono kwa mitundu yopanda mtovu, tinjere tophwanyika timabadwanso mwatsopano ndipo chitsulo chimafewa. Wogwiritsa ntchito lawi la gasi achitire pamthunzi, ndipo aleke pamene kufiira kwayamba kungooneka pang'ono, chifukwa kupsereza kumakulitsa tinjere, ndipo chitsulo cha tinjere tikulutikulu chimatuluka ndi nkhope yokakala chikapindidwa. Adzukulu amene anaphunzira kuti chitsulo cha nkhwangwa chimauma chikaviikidwa m'madzi chili chofiira asaganize kuti bulasi amatero. Wa alpha amakhalabe wofewa kaya aviikidwe kaya azizire yekha, koma wokhala ndi beta ndi bwino kumusiya azizire pang'onopang'ono, pakuti kumuviika ali wotentha kwambiri kumatsekera tinjere ta beta tambiri m'kati. Bulasi wa mtovu amene waumitsidwa kwambiri atenthedwenso mofatsa ndi mofanana mbali zonse, chifukwa lawi lomugwera mwadzidzidzi pamalo amodzi limatha kumung'amba.

Dongosolo la masitepe limathandizanso pamene chitsulo chofunika chasowa. Nthawi zina n'kotheka kuyamba kupinda ndodo ili yofewa, ndipo kupindako kumaiumitsa mokwanira kuti isemeke bwino pambuyo pake. Nthawi zina n'kotheka kusema chipangizo chonse chili chouma, n'kufewetsa ndi moto mlomo wokhawo umene udzafutukulidwe. Mlomo umenewo usemedwe wopyapyala mofanana kuzungulira konse, usalalitsidwe kuti pasatsale mizere ya mpeni kapena zokakala za m'mphepete, ndipo pamene ukukumana ndi thupi la chipangizo pakhale pokhota mofatsa osati pangodya yakuthwa, pakuti mng'alu umafunafuna kachilema kakang'ono koyambirapo. Wopinda mbale akumbukirenso kuti tinjere tinatambasukira mbali imene mbaleyo inapsinjidwira ku fakitale, ndipo mzere wa mpindo wodutsa mopingasa tinjereto umapirira kuposa wotsata utali wake.

Pali ngozi ina imene siionekera tsiku la ntchito, ndipo mbiri yake ndi yoyenera kuti mwana aliyense wa ntchitoyi aidziwe. Asilikali a Britain amene anali ku India ankapeza kuti makoko a zipolopolo zawo akung'ambika okha m'nyengo ya mvula, popanda wowakhudza, ndipo popeza zinkachitika motsata nyengo, vutoli linatchedwa season cracking. Chifukwa chake chinalongosoledwa mu 1921 ndi ofufuza atatu, Moore, Beckinsale ndi Mallinson, amene anaonetsa kuti pamafunika zinthu ziwiri pamodzi: kukokana kotsalira m'kati mwa chitsulo chimene chaumbidwa chozizira, ndi mpweya wa amoniya wosakanikirana ndi chinyezi, umene ku India unkachokera ku mkodzo wa akavalo m'makola mmene zipolopolozo zinkasungidwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amoniya yemweyo ali m'makola a nkhuku ndi a nkhumba, m'zimbudzi, m'nyumba zosungiramo feteleza ndiponso m'mankhwala ena otsukira, ndipo kachilumikizo kofinyidwa ka paipi yomwetsera ziweto kakhoza kugwira bwino miyezi ingapo kenaka n'kutseguka kokha. Mankhwala a vutoli ndi osavuta: chipangizo chikatha kuumbidwa chitenthedwe pa madigiri apakati pa 250 ndi 300 kwa pafupifupi ola limodzi, kutentha kumene kumamasula kukokana kwa m'kati koma sikufika pofewetsa chitsulo. Sitepe imeneyi ndiyo imene achinyamata amakonda kuidumpha chifukwa phindu lake silioneka ndi maso, ndipo wolemba malangizo ano amaiyesa yofunika kuposa kupukuta chipangizo kuti chiwale.

Za mipeni zingonenedwa mwachidule. Bulasi wa mtovu amafuna mpeni wathyathyathya pamwamba, wosapendekera kumbuyo, chifukwa wopendekera umadzikokera wokha m'chitsulo n'kukumba. Chiboolero nacho chimalumpha n'kugwira pamene chikutulukira kuseri, ndipo amisiri akale amapala milomo yake pang'ono ndi mwala wonolera kuti isamadzikoke. Bulasi wopanda mtovu amafuna mpeni wakuthwa kwambiri, wopendekera pang'ono, ndi mafuta odulira, pomwe wa mtovu wambiri kawirikawiri amasemedwa wouma.

Nkhani ya mayina ndi imene imasokoneza ambiri pogula, chifukwa ndodo za bulasi zimayenda ndi manambala a mitundu itatu: a ku America oyamba ndi C, a ku Ulaya oyamba ndi CW, ndi akale a ku Britain oyamba ndi CZ, amene akumvekabe pakamwa pa amalonda a ku Britain ndi ku South Africa. Pali dzina lachinayi limene limadzifotokoza lokha, monga CuZn39Pb3, mmene Cu akuimira mkuwa, Zn39 akuimira magawo 39 a zinki, Pb3 magawo 3 a mtovu, ndipo otsalawo, 58, ndi mkuwa. Mwana wodziwa kuwerenga dzina lotere angathe kulosera khalidwe la chitsulo asanachigwire. CuZn39Pb3 ameneyu ndiye CW614N kapena CZ121, ndodo yosemera yofala koposa m'maiko otsata miyezo ya ku Ulaya, ndipo ambiri amamuyesa wofanana ndi C36000 pomwe sali ofanana, popeza mkuwa wake ndi wochepa ndi magawo atatu kapena kuposerapo, beta wake ndi wochuluka, ndipo amalephera msanga pa kuumba kozizira. Munthu akawerenga m'buku la ku America kuti bulasi wosemera amalola kudindidwa kapena kupindidwa pang'ono, n'kukayesa zomwezo pa CZ121, adzadabwa ndi zotsatira zake. Safunsa anadya phula, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mmisiri wachinyamata asachite manyazi kufunsa wogulitsa nambala ya msakanizo, mlingo wa kuuma kwake, ndi satifiketi ya ku fakitale yoonetsa zimene zilimo, ndipo akafika nayo ndodoyo pamalo ake ailembe nambalayo kumapeto onse awiri, kuti chidutswa chotsala chisadzasanduke chosadziwika.

Ambiri mwa ana amene akuwerenga malangizo ano sagula ndodo zatsopano nthawi zonse, koma amatola chitsulo kwa ogulitsa zakutha, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo malinga ngati maso ali otseguka, pakuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Maginito akakakamira, chinthucho ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi bulasi pamwamba. Tupa ikapala n'kuonetsa zotuwa m'kati, kawirikawiri ndi zinki woumbidwa m'chikombole. Mtundu umanyenganso, chifukwa bulasi wa 70 ndi 30 amaoneka wachikasu chowala, pomwe wa 60 ndi 40 amapendekera ku kufiirira, moti wosadziwa amaganiza kuti wofiirirayo ndiye ali ndi mkuwa wambiri pamene zili zosiyana. Mbiri ya chidutswa imathandiza kuposa mtundu wake: thupi la mpopi wakale kapena la valavu linatsanulidwa m'chikombole kapena kusulidwa lili lotentha, choncho lili ndi mtovu ndipo kawirikawiri lili ndi beta, lidzasemeka bwino koma lisayembekezeredwe kupindika, pomwe thanki ya rediyeta ya galimoto yakale inaumbidwa yozizira kuchokera ku mbale, choncho ndi alpha. Umboni wotsiriza umachokera pa lathe pomwepo, pakuti nyenyeswa zothetheka zikunena za mtovu wambiri, tizipotolo tatifupi tikunena za mtovu wapakati, ndipo kachingwe kosaduka kakunena kuti mtovu mulibe.

Kaya chitsulo ndi chatsopano kaya ndi chotola, chiyesedwe ntchito yeniyeni isanayambe, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha. Padulidwe tizidutswa titatu kapena tinayi, tisemedwe pa muyezo weniweni wa chipangizo, kenaka tiumbidwe, ndipo kamodzi kapitirizidwe dala kuposa pofunika kuti padziwike kutalika kwa mtunda umene watsala chitsulo chisanalephere. Kunja kwa mpindo kuyang'anidwe ndi galasi lokuzira pa kuwala kwa dzuwa, chifukwa timing'alu toyamba timakhala tochepa kuposa tsitsi. Wofuna kudziwa ngati kukokana kwa m'kati kwatha angapachike kachidutswa m'botolo lotseka, pamwamba pa madzi a amoniya koma osawakhudza, kwa tsiku lathunthu. Kamene sikanamasulidwe ndi moto kawirikawiri kamatuluka kali ndi ming'alu, ndipo mayeso ovomerezeka a ISO 6957 anamangidwa pa mfundo yomweyi.

Chipangizo chikakhala choti chidzakhale m'madzi, pamabwera funso lina la kutha kwa zinki. Madzi ena, makamaka amchere, ofunda kapena ongoima, amadya zinki m'bulasi n'kusiya mkuwa wofiirira wa mabowomabowo umene umasunga maonekedwe a chipangizo koma wopanda mphamvu, ndipo chizindikiro chake ndi ufa woyera woundana panja ndi kudontha kosadziwika kochokera. Bulasi wa zinki wosapitirira magawo 15, monga C23000, savutika kwenikweni ndi zimenezi, koma wa zinki wambiri amavutika, ndipo tinjere ta beta ndi timene timadyedwa poyamba. Amisiri ogwira ntchito kumene mijigo ina imatulutsa madzi amchere, monga m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje, ali ndi chifukwa chosamalira mfundoyi. Arsenic wochepa kwambiri, wosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a peresenti imodzi, amateteza tinjere ta alpha koma sateteza ta beta, ndipo n'chifukwa chake CW602N, wotchedwanso CZ132, amathiridwa arsenic kenaka n'kutenthedwa ku fakitale kuti beta atheretu. Zipangizo zake zimadindidwa zilembo DZR kapena CR, ndipo popeza ali ndi mtovu pafupifupi magawo 2 pa tinjere ta alpha, amasemeka bwino ndipo amalola kuumbidwa pang'ono. Koma womutentha kwambiri pomulumikiza akhoza kubwezeretsa beta n'kuononga chitetezo chimene anachilipira.

Mtovu womwewo umene umakometsa ntchito ndi poizoni, ndipo umaononga kwambiri ubongo wa ana aang'ono. Anthu a ku Kabwe m'dziko la Zambia, kumene mgodi wa mtovu ndi zinki unagwira ntchito zaka pafupifupi 90 mpaka unatsekedwa mu 1994, akulimbanabe ndi fumbi lake m'dothi ndi m'magazi a ana awo. Mtovu wa m'ndodo ya bulasi ndi wochepa poyerekeza ndi wa mgodi, komabe mmisiri asambe m'manja ndi sopo asanagwire nsima, asauzire nyenyeswa ndi pakamwa, asalole ana kusewera nazo, ndipo asatenthere zipangizo mu uvuni wophikira chakudya. Asapumenso utsi woyera umene umafuka bulasi akapserera, chifukwa ndi zinki amene amawira pa madigiri 907, ndipo utsiwo umadwalitsa kutentha thupi konga malungo kwa usiku umodzi kapena uwiri. Ku United States, kuyambira mu January 2014, lamulo limaletsa kuti mbali zokhudza madzi akumwa za mipopi ndi zolumikizira zikhale ndi mtovu wopitirira 0.25 peresenti pa avereji, ndipo lamulo limeneli linafulumizitsa kufala kwa mitundu yopanda mtovu, monga C69300, wa mkuwa pafupifupi magawo 75 ndi silicon magawo 3, mmene tinjere touma ta silicon timathyola nyenyeswa m'malo mwa timadontho ta mtovu. Bulasi ameneyu ndi wolimba kuposa C36000, amafuna mphamvu yambiri ya makina, amadya mipeni msanga, ndipo kaumbidwe kake kayesedwe pa kachidutswa monga ena onse. Amene ayamba kumugwiritsa ntchito asese thireyi ya lathe asanasinthe ndodo, ndipo asunge nyenyeswa zake m'chitini chakechake cholembedwa nambala, chifukwa silicon akasakanikirana ndi nyenyeswa za mtovu, osungunula sangathe kupanganso mtundu uliwonse mwa iwiriyo pa muyezo wake, ndipo amagula zosakanizikazo pa mtengo wotsika.